Mawu Anandithawa, Nandolo Anandipulumutsira Ntchito

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mayi Esinati, ndimaphunzitsa ana a mkombaphala kuno ku Chitakale, ndipo chaka chatha mawu anga anatha.

Anandichita opaleshoni ya chithokomiro. Bala linapola bwinobwino, koma mawu anangotsala onong'ona. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ine pakamwa ndiye panali khasu langa. Ndikakuwa kuti "wani, thuu, filii!" ngakhale makondakitala a pasiteji ankamva. Tsopano ndinkangoima kutsogolo milomo ikugwedera, ana ali piringupiringu kukwerana pamsana. A komiti anandiuza mwaulemu kuti teremu ikamatha adzabwera kudzaona ngati nditsale kapena apeze wina. Ndinalira, abale. Ndinamufunsa Mulungu kuti mphunzitsi wopanda mawu ndi wa ntchito yanji.

Ine ndinkapempha mawu, Iye n'kunditumizira amake Tadala, mayi wothyola tiyi ku esiteti. Tsiku lina anafika msanga kudzatenga mwana wawo, ndipo podikira anakhala pakhonde n'kumasenda nandolo. Ana onse anandithawa kukawaunjirira.

"Aphunzitsi, alekeni asende, andipeputse ntchito," anatero mayiwo.

Tadala anang'amba khoko lake. "Langa lili ndi njere zinayi!"

"Langa zisanu, ndakuposa!" anatero mnzake.

Ndinangoti kukamwa yasa. Wina akalumpha njere powerenga, anzake ankamubweza kuti ayambirenso. Mawa lake ndinabwera ndi nandolo wanga, timiyala ta kumtsinje ndi zitsekerero za mabotolo. Ndikakweza zala zitatu, aliyense ankaika timiyala titatu m'mbale. Ndikachotsapo kamodzi, ankandiuza okha totsala. Ndipo pofuna kumva kunong'ona kwangako, anaphunzira kukhala chete, chinthu chimene kukuwa kwanga konse sikunachithe.

Tsiku la a komiti linafika. Apampando, bambo Makwinja, anatapa timiyala n'kumuikira Tadala. "Gawira anzako atatu mofanana."

Mwana anagawa kamodzikamodzi, kamodzi n'kutsala. Anakayang'ana, kenako anakawapatsira m'manja. "Aka n'kanu, agogo, katsalira."

Bambo aja anaseka mpaka misozi. "Mayi, simukupita kulikonse. Lolemba ndikubweretserani mdzukulu wanga."

Ambuye alemekezeke! Ndalemba umboniwu chifukwa kuunena m'tchalitchi sindingathe, a kumbuyo sangandimve. Inu amene mukudikira yankho, musatope kupemphera, ndipo musalibweze likabwera mosiyana ndi mmene munapempherera. Mawu anga sanabwerere mpaka lero, koma ntchito ndili nayo, ndipo ana achuluka moti mikeka yachepa.