A Lyson Kachiwala, Amene Ankakwera Takisi Ali Chete

Malemu amene tikuwaika m'manda lero ndi a Lyson Kachiwala. Anabadwa m'chaka cha 1997 ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, ndipo anali oyamba m'banja la ana anayi. Amene ndikuwerengane ndine Phillip, mng'ono wawo wopondana nawo.

Sukulu ya pulayimale ndi ya sekondale anaphunzira kwathu komweko. Atakhoza Fomu 4 anakhala zaka zingapo akugulitsa mbatatesi pamsika wa Lizulu, kufikira m'chaka cha 2022 pamene amalume athu a Osvaldo, amene amagwira ntchito kumgodi, anatiitana tonse awiri kuno ku Joni kuti tidzaphunzire zamagetsi pakoleji ina mu Rustenburg muno. Mayi athu anagulitsa dimba kuti tipeze ndalama za ulendo ndi za sukulu. Sanapemphe zambiri, koma kuti ana awo adzabwere ndi pepala la sukulu.

Tinkakhala m'chipinda cha lendi ku Tlhabane, ndipo m'mawa uliwonse tinkakwera minibasi zimene kuno amati takisi. M'kalasi malemuwa sankavutika. Chovuta chinali ulendowo. Tsiku lina ine ndinafunsa njira pa renki, pamalo okwerera takisi, anyamata ena anamva lilime langa kuti ndine wakunja, ndipo anandigulula dzino. Kuyambira pamenepo ndinkangodzuka, kuvala, n'kukhala pabedi. Sukulu yanga inathera pomwepo.

A Lyson anapitiriza. Anaphunzira kuimitsa takisi ndi chala: choloza m'mwamba kwa wopita m'tauni, choloza pansi kwa wotsikira pafupi. Akalowa ankakhala pawindo, pakamwa n'kutseka. Ngakhale kuuza dalaivala kuti aime sankayerekeza. Ankadikira kuti wina aimitse, iwo n'kutsika naye, kenaka n'kubwerera wapansi, kaya kuli dzuwa kaya mvula. Nsapato zawo zinkatha msanga kuposa za wina aliyense. Ziphaso zawo zinali zolongosoka, koma ankadziwa kuti womenya safunsa chiphaso.

M'chaka cha 2023 anamanga banja ndi mayi Imelda, ochokera ku Angonia, m'dziko la Mozambique, ndipo Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Olga. Loweruka lililonse ankakonza mawaya m'nyumba za ku Seraleng kuti banjalo lidye. Ambiri mwa inu mababu anu akuyaka chifukwa cha manja awo. Anali Mkatolika, ndipo ankaimba kwaya ya anthu akumudzi. Kumeneko kokha ndi kumene mawu awo ankamveka mpaka kumsewu.

Malemuwa anali ndi mphumu kuyambira ali mwana, ndipo fumbi la kumigodi linaikulitsa. Lachiwiri lapitali ananyamuka kukalemba mayeso awo omaliza. Mphumu inawagwira ali m'takisi. Mayi wina amene anakhala nawo pampando ali pano lero, ndipo tikuwathokoza chifukwa chobwera. Akuti anawaona atagwira pachifuwa, n'kuwafunsa m'Chitswana ngati ali bwino. A Lyson Chitswana ankachimva. Anangogwedeza mutu, n'kuyang'ananso pawindo. Anthu anatsika mmodzimmodzi poganiza kuti munthu wagona. Dalaivala anazindikira kuti sali bwino atafika pa renki, ndipo anawathamangitsira yekha kuchipatala. Madokotala anayesetsa, koma zinali zitachedwa.

Ndakhala ndikufunafuna woti ndimukwiyire. Mayiwo anafunsa. Dalaivala anathamanga. Takisi inadutsa pafupi ndi chipatala, ndipo panangofunika mawu amodzi. Sindikudziwa ngati mpweya ndi umene unawathera kapena anaopa. Palibe amene adzatiuze.

Mayi athu alibe pasipoti, choncho sanathe kubwera. Akumvetsera mwambowu pafoni imene amalume agwirayo. Amayiwo ndi amene anena kuti mwana wawo agone kuno, kumene Olga azidzatha kuona manda a bambo ake. Amayi, dimba linapita, pepala lija silibwera, ndipo amene akanalibweretsa tikumukwirira m'dothi la eni.

A Lyson asiya mkazi wawo mayi Imelda, mwana wawo Olga, mayi awo a Nachisale ku Lizulu, alongo awo awiri a Peace ndi a Ana, amalume awo a Osvaldo, komanso ine mng'ono wawo, amene tsopano ndiyenera kudyetsa banjali, ndipo sindikudziwa kuti ndiyambira pati.

Achimwene, kumene mwapitako palibe mlendo. Apumule mu mtendere.