Manja anga anasiya kunjenjemera

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine Esinati Phiri, namwino pachipatala chaching'ono cha kuno kwathu. Lero ndaima pano mtima ukudumpha ndi chimwemwe.

Kale ntchito yanga ndinkaikonda zedi. Koma nyengo ina ya makuponi a feteleza, mayi wina wa kumatenanti a fodya anabwera ndi mwana wodwala chibayo. Ndinam'baya jakisoni amene timabaya masiku onse. Mwana anayamba kutupa, mpweya ukumuthera. Tinayesetsa, abale, tinayesetsa. Anatsirizikira m'manja mwangamu.

Akuluakulu a kuboma anafufuza n'kunena kuti mankhwala anali oyenera, thupi la mwana ndilo linawakana. Anakwera galimoto, ulendo. Palibe anafunsa kuti Esinati uli bwanji.

Tulo tinatha. Ndikagwira jakisoni manja ankanjenjemera. Pamzere wa feteleza amayi ankakodolana, "Ndi uja, ndi uja." Ndinasiya kupita kuntchito. Ngakhale kutchalitchi kuno munkandiona?

Tsiku lina ndikupalira chimanga, ndinangoona Mayi Nyirenda, mzamba wathu wamkulu, akubwera ndi khasu. Anagwira mzere wawo pafupi ndi wanga. Titafika kumapeto anati, "Mwana wanga, inenso wodwala anandiferapo m'manja. Lira, ndili pompano."

Ndinalira m'mundamo ngati mwana. Iwo anangondigwira phewa.

"Mawa ubwere kuntchito," anatero. "Ndidzaima pambali pako."

Ndipo anaimadi. Wodwala woyamba, iwo ali pambali. Wachiwiri, ali pomwepo. Mpaka manja anakhazikika.

Tsono mverani izi. Chaka chinacho pasikelo ya ana, mayi uja wa kumatenanti anatulukira atabereka khanda. Ndinafuna kuthawa. Iye anadutsa namwino mnzanga n'kudzaima patsogolo panga. Anati, "Anamwino, ndinaona mmene munalimbanirana ndi moyo wa malemu uja. Uyunso m'bayeni katemera inuyo."

Aleluya! Ndinam'baya, mwana analira mokweza, ife tonse kuseka misozi ili mbwembwembwe.

Lero pachipatala pathu chovuta chikachitika sitibalalika ayi. Timakhala pansi tonse, anamwino, okolopa, ngakhale dalaivala wa ambulansi. Timamwa tiyi, aliyense amanena zakukhosi, timapemphera. Wina akapanda kuoneka kuntchito, timamulondola kwawo.

Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokoza Mayi Nyirenda akhala kumbuyo uko. Abale, mukamapempherera odwala, muzitikumbukiranso ife owasamalira. Ndagona tulo tabwino, ndipo mawa m'mawa ndili pantchito. Ameni.