Tsiku limene ndinagwetsa wachinyamata wa chipani pa Nkaya

Moni abale ndi alongo nonse amene mukuwerenga, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndine telala wa ku Nkaya, ngakhale masiku ano maso anafooka moti ulusi sindiulowetsanso pasingano. Ndikufuna ndichitire umboni za masiku atatu amene ndinakhala ndikudikira galimoto ya boma kuti idzanditenge. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu akatengedwa, abale ake ankaopa ngakhale kufunsa kumene ali.

Ndinaphunzira karate ndi masewera ogwetsana zaka zisanu ndi zitatu kwa Che Saidi, Msilamu wa ku Machinga amene anabwera nazo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Dzuwa likapendeka tinkakumana m'shedi yakale ya thonje kuseri kwa siteshoni, Asilamu ndi Akhristu pamodzi. Zovala zathu za bafuta ndinkasoka ndine, ndipo zinkang'ambika m'khwapa sabata iliyonse, ndiye musandiyese telala wa luso. Chaka choyamba chonse bambo aja sanatiphunzitse kumenya. Kunali kugwa ndi kudzuka basi, mpaka akazi athu ankatiseka kuti tikuphunzira ntchito ya zidakwa. Pogwetsana panali lamulo limodzi lolimba: ukagwetsa mnzako usamusiye mkono, uukokere m'mwamba kuti mutu usafike pansi. "Mutu wa munthu amene wamugwetsa ndi katundu wako," ankatero Che Saidi. Woiwala ankasesa shedi mwezi wathunthu.

Lachiwiri lina m'mawa ndinapita pasiteshoni kukalandira nsalu zochokera ku Limbe. Achinyamata a chipani, aja a malaya ofiira, ankayang'ana ngati anthu ali ndi makadi a chipani. Yanga inali m'thumba, ndinalibe chifukwa choopera. Koma mmodzi wa iwo, dzina lake Layisoni, anandidzera kumbuyo n'kundikoka kolala osanena kanthu. Abale, sindinaganize chilichonse. Thupi linangochita zimene linazolowera. Pozindikira, mnyamata uja ali chagada pambali pa njanji, ine nditamugwira mkono. Mayi wina wogulitsa nthochi anasenza dengu lake n'kuchoka asanapereke ndi nthochi zimene munthu anasankha.

Masana uthenga unafika woti Lachisanu ndikaonekere kwa atcheyamani a dera pamodzi ndi mphunzitsi wanga. Mphekesera inali itafala kale yoti m'shedi muja timakonza zigawenga. Paja tinkafola mizere, kukuwa, ndi kuwerenga m'chilankhulo chachilendo, ndiye wofuna kukhulupirira sanavutike. Kwathu kuno munthu akakupachika dzina loti chigawenga, kunali kutha kwako.

Mantha amene ndinaona masiku amenewo sindikuwafunira munthu. Anzanga a m'shedi anakwirira malamba awo a karate m'minda, ena anathawira kwa abale ku Kalembo. Anthu ankabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka, osandiyang'ana kumaso. Ine amene ndinkathyola thabwa ndi dzanja ndinkathamangira kukabisala galimoto ikamveka chapatali. Ndinaganiza zokwera sitima ya ku Nayuchi n'kuwolokera ku Mozambique, koma ndinadziwa kuti akandisowa adzatenga mkazi wanga, yemwe anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Iye sanalire pamaso panga. Anangochapa bulangete, kulipinda, n'kuliika pafupi ndi chitseko.

Kupemphera kunandikanika. Ndinkagwada kuseri kwa makina osokera, mawu osatuluka. Zimene ndinatha kunena n'zakuti, Ambuye, ndiloleni ndimuone mwanayu ndi maso anga.

Lachisanu m'mawa Che Saidi anafika atavala mkanjo woyera. "Tiyeni a telala," anatero. "Kuthawa n'kuvomera mlandu. Mwini wake kumwambaku akuona." Tinayenda wapansi, ine bulangete kukhwapa. Pabwalo la sukulu panali anthu ambiri, ndipo pansi pa mtengo panaima galimoto ya apolisi, chitseko chakumbuyo chili chotsegula.

Atcheyamani anaimiritsa Layisoni kuti afotokoze, wapolisi ali chire ndi cholembera. Chimene chinkafunika chinali chakuti anene kuti ndinamumenya, basi. Anzake a malaya ofiira anali atamuzungulira. Koma mnyamata uja anati, "Bwana, kugwa ndinagwadi. Koma ndinawayamba ndine, kadi anali nayo. Mutu wangawu unkapita pachitsulo cha njanji, achimwenewa ndi amene anandikoka mkono. Munthu wofuna kupha satero iyayi."

"Iwe, ukudziwa chimene ukunena?" anafunsa atcheyamani.

Layisoni anabwereza mawu omwewo. Wapolisi anatseka buku lake. Chigamulo chinali chakuti shedi itsekedwe, zovala zathu zitenthedwe, ine ndikalime m'munda wa chipani mpaka mvula itagwa. Ndinalima ndikuimba nyimbo za kutchalitchi. Mwana wanga wamkazi anabadwa ndili pakhomo, ndipo ndinamunyamula ndi manja angawa.

Koma umboni wanga sungakhale woona ndikabisa izi. Layisoni anamuvula malaya ofiira tsiku lomwelo, ndipo anzake anamukwapula mpaka anayamba kutsimphina. Anakakhala kwa Nsamala, akudya za ganyu. Ndinkakumana naye pamsika wa Balaka kambirimbiri, koma ndinkatembenukira kumbali, kuopa kuti wina angationere limodzi nkhani n'kuyambiranso. Ndinkati ndidzamuthokoza zinthu zikadzasintha. Zitasinthadi ndinamusokera malaya n'kupita kwawo pa njinga, koma mlongo wake anangondilozera kumanda. Ndinalira ngati mwana pakhomo pa eni.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera pakamwa pa munthu yemwe ndinamuchititsa manyazi pagulu. Ndikuthokozanso Che Saidi, Mulungu ausunge mzimu wawo, amene anayenda nane ulendo uja ngakhale iwonso akanatha kutengedwa. Inu amene mwazingwa lero, kaya ndi mlandu, matenda kapena chiwopsezo cha anthu amphamvu, musaleke kugwada ngakhale mawu atakhala ochepa ngati anga aja. Thandizo lidzafika, mwina kuchokera kwa munthu amene simukumuganizira. Koma likafika, abale anga, nyamukani tsiku lomwelo mukamugwire chanza munthuyo akadali ndi moyo. Ameni.