Kompyuta Yosokeredwa Chovala

Pamzere wodikira basi, mayi wina anakumbatira kompyuta ngati mwana wodwala. Bambo amene anali kumbuyo kwake anafunsa chimene chavuta.

"Ikumatentha n'kuzima yokha, bambo. Malipoti a ana asukulu ali m'katimu, akufunika mawa."

"Fani yoziziritsa m'katimo ikulira?"

"Ngati chigayo."

"Ndiye purosesa, ubongo wa kompyutayo, ikubanika. Ndakonza zambiri ine. Fumbi limenelo."

"Fumbi? Kwanga? Ndinaisokera chovala chofika mpaka pansi. Sindiivula ngakhale ikugwira ntchito."

"Matenda ake ndi amenewo, mayi! Kaivuleni, muichotse pakhoma, izipuma."

"Nanga fumbi likalowa?"

"Fumbi timalipukuta. Koma inu tafundani bulangete masana ano muthamange, tione ngati mukafike."

Mayi uja anatuluka pamzere n'kubwerera kunyumba kukaivula, m'malo mopita nayo kwa okonza.