Shedi Kumtunda, Mpanda Kudoko

Olemekezeka a Gulupu ndi mafumu onse muli pano, olemekezeka a phungu athu, omwe atitumizira nthumwi poti iwo atanganidwa ku Lilongwe, a khansala, abusa ndi a shehe, bwana Innocent, oimira kampani ya mahotela yomwe yamanga shedi iyi, asodzi, amayi anzanga a geni ya usipa, ndi nonse mwabwera, ndakupatsani moni.

Ine ndine Dorothy. Sukulu ndinaisiyira panjira, geni ndinaiphunzirira pamsika wa Khombedza, beseni la usipa lili pamutu, ndipo mawu okometsera sindinawaphunzire mpaka lero. Amene munandisankha kukhala mlendo wolemekezeka mumandidziwa, ndiye musagwetse nkhope.

Kuthokoza ndithokoza. Shediyi ndi yokongola, malata ndi atsopano, mathandala oyanikira usipa ndi owongoka bwino. Bwana Innocent, mukanene kwa akuluakulu anu kuti Dorothy wathokoza.

Mukanenenso izi. Nthawi ya kampeni kunabwera lole ya kampani yanu itadzaza zitenje za chipani china. Sipanapite nthawi, lole yomweyo, dalaivala yemweyo, inabweranso ndi zitenje za chipani chinacho. Ife tinavala, tinavina, tinatukwanizana. Mai Pauline ndi Mai Mayankho, omwe ankayanika pa thandala limodzi, mpaka lero sapalana moto. Ine ndinamufunsa dalaivalayo, "Achimwene, inuyo muli mbali iti?" Anangoseka, akuti, "Mayi, bwana wanga saluza chisankho."

Sanaluzedi. Chisankho chitangotha, mpanda wa waya unazungulira doko lathu, pomwe bambo anga ankakocheza bwato, pomwe ine ndinkatola usipa wogwera mumchenga ndili kamtsikana. Tinapita kwa amene anapambana, anati tidikire, nkhaniyi ndi yovuta. Tinapita kwa amene analuza, poganiza kuti mwina mkwiyo umuyankhulitsa, nayenso anangoyang'ana pansi. Onse awiri anawadyetsa ndi munthu mmodzi. Tsono tikadandaule kwa ndani?

Lero mwatimangira shedi kuno kumtunda. Abale, usipa sudikira munthu. Ukatuluka m'bwato umafuna thandala nthawi yomweyo. Mabwato tsopano akukocheza kutali, kuseri kwa mpanda, ndipo a Kenneth, omwe amatinyamulira pa njinga, akamafika kuno dzuwa litakwera, usipa umakhala utafewa, mimba zitaphulika. Wotereyo ku Lilongwe sagula, timangogulitsa kwa oweta nkhuku. Amayi ena asiya kale geni, akugwira ganyu m'minda ya mpunga ku Lifuwu. Sharon, mwana wa mchimwene wanga, akuchapa zofunda mu hotela yomwe yatenga doko lathu, ndipo dzulo anandipempha kuti, "Azakhali, chonde mukangodula riboni basi, mungandichotsetse ntchito." Ndi pomwe tafika apa, mwana kuopa pakamwa pa azakhali ake.

A khansala, ndakuonani mukuyang'ana wotchi. Ndikumaliza.

Sindikuyembekezera kuti mpandawo ugwa. Chisankho china chidzabwera, lole idzabweranso, ndipo tidzavala, ine ndi inu, chifukwa munthu wosowa sakana chitenje.

Andipatsa sizasi yodulira riboni. Kiyi wa geti la kudoko sanandipatse. Choncho ndi sizasi yomweyi, ine Dorothy ndikulengeza kuti shedi iyi yatsegulidwa mwalamulo. Doko likadali lotseka.

Zikomo kwambiri.