A Stafford Alufandika, mphunzitsi wosakhutira ndi "tamva"

Malemu a Stafford Alufandika anabadwa pa 14 Marichi 1979 kwa Tengani ku Nsanje. Mbiriyi alemba ndi mayi awo, ndipo sachulutsa gaga m'diwa, poti anthu atopa.

Banja linasamukira ku Limbe mu 1984, bambo awo atapeza ntchito ya njanji. Malemu anaphunzira pulayimale ku Kanjedza, sekondale mumzinda momwemuno, nalowa uphunzitsi mu 2002. Mu 2006 anakwatira mayi Hilda, ndipo awiriwa anagula nyumba ku Chitawira, momwe ana awo akulira.

M'kalasi malemu sankafunsa kuti "mwamva?" Ankati funso limenelo ngakhale mwana amene akusinza amavomera. Iwo akafunsa, ankayamba akhala chete kuti aliyense aganize, kenako n'kulumpha okweza manja, n'kutchula wakumbuyo amene waweramitsa mutu. Mwana akayankha bwino, ankamufunsa kuti wadziwa bwanji. Akaloweza Chingerezi cha m'buku, ankamuuza kuti afotokozere mnzake m'Chichewa. Wolakwa sankamukwapula, koma sankamusiyanso. Silabasi inkachedwa, akuluakulu ankadandaula, iwo osasintha. Ndi kunyumba komwe ankatopetsa, kunena zoona. Kuwatuma mchere kokha, ankabwereza kaye uthengawo.

Anayamba kudwala impso mu Juni 2023, ndipo mu Janyuwale chaka chino anagonekedwa ku chipatala cha Gulupu. Ali pabedi anamva kuti abale ena ayamba kale kukambirana zoti, poti malowolo anaperekedwa, ana adzapita kumudzi ndipo nyumba idzabwerera kuchimuna.

Loweruka lapitali anaitanitsa abale. Ananena kuti ana ndi nyumba zitsale m'manja mwa mayi Hilda, ndipo sukulu isadukize. Onse anati tamva. Malemu anapukusa mutu, nayamba kutchula mmodzimmodzi kuti anene m'mawu akeake zimene wamva. Akulu awo, a Pearson, anati amva kuti banja lidzakhala pansi n'kuona. Malemu anadikira, mpweya ukuvuta, kenako anati: "Akulu, si zimene ndanena. Tayesaninso." A Pearson anayesanso, nanena bwinobwino, anesi awiri akumva.

Anatisiya Lachiwiri m'mawa, pa 6 Febuluwale 2024.

Asiya mkazi, mayi Hilda. Ana awiri, Vanessa wa Fomu 2 ndi Eliot wa Sitandade 5. Mayi awo, ndi abale anayi. Banja likuthokoza anesi, a mpingo, aphunzitsi anzawo, adzukulu okumba manda, ndi amayi a ku Chitawira amene agona pano chigwereni zovutazi.

Mwambo ukatha, mayi Hilda ndi ana abwerera kunyumba kwawo, ndipo Lolemba ana apita kusukulu. A Pearson ndi amene awaperekeze.

Mzimu wa a Stafford uuse mumtendere.