Injiniya wa Zimbudzi

Nthawi imene othawa nkhondo ku Mozambique anali atadzaza m'misasa, a Venancio, mmodzi mwa iwo, ankadikira basi pa Mwanza Boma. Bambo wina wa ku Kanduku anawakhala pafupi n'kuyamba kudandaula.

"Mwana wanga waphunzira uinjiniya wa zachilengedwe ku yunivesite. Ine ndimayesa azimanga milatho."

"Nanga akumanga chiyani?" anafunsa a Venancio.

"Zimbudzi, achimwene, kumsasa kwanuko. Zaka zisanu pasukulu, pamene ine changa ndinakumba tsiku limodzi. Akuti amatunga madzi m'kabotolo n'kuwakweza galimoto kukayezetsa ku Blantyre. Madzi pagalimoto, bambo wake pansi."

"Kapena mukunena a Timoti, amagalasi aja?"

"Omwewo. Pepani ngati anakulakwirani."

"Anatitsekera chitsime, ati chayandikana ndi dzenje la chimbudzi. Tinawathamangitsa ndi miyala. Koma kolera itabwera, mzere wa nyumba zathu wokha ndi umene sunaike maliro."

Bambo uja anakanda kumutu. "Chabwino, koma adzakwatira ndani? Mtsikana amene tinamufunsira wakana, akuti sangamange banja ndi munthu wosuzumira m'maenje."

"Ndili ndi mlongo wanga, Deolinda. Mwala umene unaswa magalasi awo anaponya ndi iyeyo. Pano akangomva kuti ainjiniya akubwera kudzayendera, amavala chitenje chatsopano n'kukaima pakhomo pa chimbudzi."

"Amadziwa kuphika?"

"Ayi. Koma m'manja amasamba kasanu ndi kawiri patsiku."

"Mubwere naye Loweruka."